Malimu atsopano koma tayala likungophwa: yambani mwaona valavu

Kanali kachitatu m'sabata imodzi bwana wina kubwera kudzapopetsa tayala lomwelomwelo, lakutsogolo kumanzere. Galimoto inali Mazda Demio, malimu ake amagi (a aluminiyamu) a mainchesi 15 ongogula kumene, matayala nawonso atsopano, timinga ta labala tisanathothoke n'komwe. Anamangitsa kwina, kwa amene anawagulitsa malimuwo. Lolemba ndinapopa, ananyamuka. Lachinayi chimodzimodzi. Loweruka anatsika m'galimoto nkhope ili gwa.

"Achimwene, andigwira m'maso anthu aja. Matayalawa ndi feki."

"Musafulumire bwana. Zimitsani kaye injini, tione pamene mpweyawo ukutulukira."

Ndinasungunula sopo m'kabotolo n'kuwaza tayala lonse. Pamwamba pamene pamaponda msewu, zii. M'mbali momwe tayala limakumana ndi limu, zii. Pakamwa pa valavu, ziinso. Bwana aja anayamba kundiyang'ana ngati ndikuwatayitsa nthawi. Kenako ndinakankhira valavu pambali ndi chala chachikulu, pang'ono chabe. M'tsinde mwake munatumphuka tithovu ting'onoting'ono, tondondozana ngati mazira a chule.

Titaichotsa tinapeza labala wake atang'ambika m'khosi, mbali ya m'kati, ndipo pamazinga panali zipsera za mano a pulayala. Amene anaiika anaikoka youma, mokhotetsa. Galimoto ikaima mng'aluwo unkatsekeka wokha, ikamathamanga valavu inkapindika, mpweya n'kumathawa. N'chifukwa chake pa sopo woyamba sipanaoneke kanthu.

Zoterezi ndimakumana nazo kawirikawiri, ndipo gwero lake ndi limodzi. Pa malimu achitsulo amene galimoto imabwera nawo kuchokera ku fakitale, valavu ya labala wamba imalowa popanda chovuta, moti amisiri tinazolowera kungopisa dzanja m'kachitini n'kutola iliyonse. Malimu ogula padera sayendera chizolowezi chimenecho. Bowo lake likhoza kukhala laling'ono, chitsulo chake chochindikala, penti wake wounjikana, kapena bowolo n'kukhala lopendekera kumene simukuyembekezera. Munthu amataya ndalama zambirimbiri pa malimu ndi matayala, koma chimene chikusunga mpweya wonsewo n'kukhala kanthu kotchipitsitsa pa galimoto yonse, koikidwa mosayang'ana.

Tsimikizani kaye kuti ukutulukadi

Tayala lililonse, ngakhale labwinobwino, limataya mpweya pang'onopang'ono kudzera m'labala momwemo. Psi imodzi kapena ziwiri pamwezi si nkhani. Nyengo nayonso imasewera ndi geji: kukazizira ndi madigiri 10, mpweya umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar (psi ndi bar ndi miyeso iwiri ya mpweya pa geji). Mukapopa masana dzuwa likuswa mtengo, mutangochoka paulendo, n'kudzayezanso m'mamawa wa mu Juni, manambala adzasiyana ndithu, ndipo valavu ilibe mlandu.

Yezani m'mawa galimoto isanayende, ndi geji yomweyomweyo, matayala onse anayi, mulembe. Pakatha masiku atatu yezaninso. Onse akatsika mofanana, ndi nyengo kapena geji. Limodzi likatsika lokha n'kusiya anzake, pali pamene pakutuluka.

Sopo asanalankhule, musamasule kanthu

Valavu ya galimoto imene tonse timaidziwayi ndi ya Schrader. Banja la Schrader la ku New York linailembetsa mu 1893, ndipo lero pakamwa pake m'pamodzimodzi: mazinga a kachivindikiro ndi kapini ka m'kati n'zofanana pa njinga yamoto, galimoto yaing'ono ndi lole. Ichi ndicho chimapusitsa anthu. Poona kuti pakamwa m'pofanana, amaganiza kuti mavalavu onse ndi amodzi. Kusiyana kuli kumunsi, m'tsinde, pamene valavu imagwirana ndi limu.

Ndiye malo otulukira mpweya pa valavu ndi atatu: pakamwa pamene pali kapini, pathupi ngati labala wang'aluka, ndi m'tsinde. Chotsani kachivindikiro, thirani madzi a sopo pamalo onsewo, ndipo dikirani. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, amathira n'kuyang'ana kamodzi, basi. Kutuluka kwapang'onopang'ono sikupanga mathovu akuluakulu, kumapanga kathovu koyera kosalala ngati ka mkaka, ndipo kamatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kaoneke. Mukatero gwedezani valavu mbali zonse zinayi, maso ali m'tsinde. Malovu amene timapaka ndi chala aja amathandiza pakamwa pokha. M'tsinde sakuuzani chilichonse.

Ngati mpata ulipo, chotsani gudumu lonse mulimize m'bafa la madzi. Madzi sanama.

Thovu likatuluka pakamwa

Iyi ndiye nkhani yosavuta. Mangani kapini ndi kasipanala kake kaja, ndi zala ziwiri zokha. Mphamvu imene kamafuna ndi pafupifupi 0.4 Nm, kutanthauza kuti kakangogwira, siyani. Mukapitiriza mumaphwanya kalabala kake kotsekera, ndipo kamayamba kutulutsa kuposa poyamba. Thovu likapitirirabe, chotsani muike kena. Kawirikawiri chimene chalowa ndi fumbi chifukwa valavu inkayenda yopanda chivindikiro, kapena mankhwala othira m'tayala omata ponchala aja, amene amauma pa kapini n'kukalepheretsa kutseka. Kachivindikiro si kokongoletsa. Pa misewu yathu yafumbi ndi matope, valavu yopanda chivindikiro sichedwa kudwala, ndipo kachivindikiro kokhala ndi kalabala m'kati kamagwira mpweya ngakhale kapini katayamba kufooka.

Thovu likatuluka m'tsinde

Apa ndiye pali nkhani, ndipo kumanga kapena kumata kunja sikuthandiza. Valavu iyenera kuchoka kuti muone bowo.

Choyamba ndi kukula kwa bowolo. Malimu ambiri a galimoto zing'onozing'ono ali ndi bowo la mamilimita 11.3, ena amalemba 11.5, m'mabuku a ku America amati mainchesi 0.453. M'menemo mumalowa TR412, TR413, TR414 ndi TR418. Manambalawa amadindidwa pansi pa valavu, pa mutu wa labala umene umakhala m'kati mwa tayala, ndipo amasiyana kutalika kokha. Pali bowo lina lalikulu, la mamilimita 15.7, lopezeka pa malimu ena a mapikapu, mangolo ndi galimoto zakale, ndipo la labala lolowa m'menemo ndi TR415. Ndiye pali laling'ono, la mamilimita 8.3, lozolowereka pa njinga zamoto koma lopezekanso pa malimu ena amasewero, makamaka aja a zidutswa ziwiri kapena zitatu zomangidwa ndi timabawuti tozungulira. Yezani ndi veniya, chida choyezera kukula kwa bowo. Ngati mulibe, tengani zitsulo za dirilo: cha mamilimita 11 chikalowa mothina pang'ono, ndi bowo wamba, chikakana koma cha 8 n'kulowa, mwapeza laling'ono lija.

Bowo laling'onolo ndi limene limayesa amisiri. TR413 ikakana kulowa, dzanja limathamangira pa dirilo kuti "tingokuzako pang'ono". Musalole. Pozungulira bowo pali kampando kosalala kamene anapala ku fakitale kuti labala akhalepo, ndipo dirilo ya pamanja imakadya, imasiya bowo lopendekera ndi m'mphepete mwakuthwa. Limu yodula imasanduka yotulutsa mpweya moyo wake wonse. Funani valavu yachitsulo ya 8.3, ngakhale zitatanthauza kudikira sabata.

Chachiwiri, chimene ambiri sachiganizira n'komwe, ndi kuchindikala kwa chitsulo pabowopo. Valavu ya labala ili ndi khosi pakati pa mutu wa m'kati ndi kamkombero ka kunja, ndipo khosi limenelo linapangidwira chitsulo chosapitirira pafupifupi mamilimita 4. Limu yachitsulo ndi yopyapyala, imakwana bwinobwino. Ya aluminiyamu ndi yochindikala, choncho opanga amakumba kadzenje mozungulira bowo kuti pakhale popyapyala. Pa malimu otchipa kadzenjeko nthawi zina kamakhala kosaya kapena kothina, ndiye kamkombero ka valavu sikatulukira konse. Yang'anitsitsani kunja mutaiika: kamkomberoko kayenera kuoneka kuzungulira konse, katakhala pamwamba pa chitsulo. Kakakwiririka mbali imodzi, valavu n'kuima mopendama ngati munthu woledzera, siinakhale. Lero ikhoza kugwira, koma pakatha sabata ziwiri mudzabweranso. Valavu yolimbirapo ya TR600HP imalola chitsulo chochindikalako, pafupifupi mamilimita 5. Kupitirira apo pakufunika yachitsulo ya nati.

Chachitatu ndi ukhondo wa bowo. Malimu ambiri amene timawatcha atsopano ndi a kaunjika openta kachiwiri, ndipo penti amadontherera m'bowo n'kuuma ngati kamphuno. Ena anayendapo ku UK kapena kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya aluminiyamu n'kusiya ufa woyera wotukusira pansi pa penti. Labala sangatseke pamalo a zigolozigolo. Pindani sandipepa wosalala, wa nambala 400 kapena kuposa, mumukulunge pa pensulo, mupukute m'bowo ndi pakampando mbali zonse ziwiri mpaka chala chizitsetsereka. Cholinga n'kuchotsa zinyalala, osati kukuza bowo, choncho tupa isayandikire. Pitirizani chala m'mphepete: pakakhala pakuthwa pokanda khungu, padzadulanso labala polowa.

Ndiye pali ukalamba wa labala. Dzuwa ndi mpweya wa ozoni zimamuumitsa, ndipo dzuwa ndiye tili nalo lokwanira. Mukapinda valavu n'kuona timing'alu ngati pa chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato, yatha imeneyo. Ngakhale yatsopano ikhoza kukhala yoipa: mu 2008 ku America anaitanitsa mavalavu a TR413 okwana 6 miliyoni, opangidwa ku China mu 2006, chifukwa labala wake ankang'aluka msanga. Ine yatsopano ndimayamba ndaipinda m'manja ndisanaiike. Ikakhala youma ngati pulasitiki kapena yotuwa, imabwerera m'kachitini. Ndipo valavu ya labala siyenera kusamuka kuchoka pa limu yakale kupita pa yatsopano. Ikatuluka m'bowo, ntchito yake yathera pomwepo. Tayala latsopano, valavu yatsopano.

Kuika ya labala kuti isadzakuvutitseni

Sipafunika kuchotsa tayala lonse. Chotsani kapini mpweya uthe, lembani ndi choko pamene tayala layang'anizana ndi valavu kuti lisasunthe n'kusokoneza balansi, kenako tsitsani mlomo wa tayala, umene amisiri timati bidi, mbali ya kunja yokha. Ikani kathabwa pakati kuti dzanja lilowe popanda kupanidwa. Yakaleyo iduleni ndi mpeni chakumutu kwa m'kati, chotsalacho chimangosololoka. Kuizula ndi mphamvu kumakanda penti, ndipo chidutswa chikagwera m'tayala muchitulutse.

Pakani valavu yatsopano phala loikira matayala lija, kapena madzi a sopo. Oyilo ayi, girizi ayi, dizilo ndi palafini ayi. Ndikudziwa kuti kachitini ka oyilo wakuda kamakhala pafupi ndipo amatereretsa bwino, koma labala wa mavalavu ambiri ndi wa mtundu wa EPDM, umene umatupa n'kufewa ukakhudzana ndi mafuta a galimoto. Tsiku loika zimaoneka bwino, vuto limadzabwera pakatha miyezi, mwini galimoto ataiwala kale amene anamuikira.

Lowetsani kuchokera m'kati, mumange chokokera valavu pa mazinga mpaka kumapeto, osati mizere iwiri yokha. Ikani kansanza pamene chokokeracho chitsamire pa limu. Kokani molunjika kumene bowo layang'ana, osati kumene dzanja lanu likumva bwino. Pa malimu amagi bowo limakonda kupendekera, ndiye muone kaye njira yake. Imalowa ndi kaphokoso kakuti thu, ndipo mukamva kameneko lekani kukoka. Valavu yopakidwa bwino pa bowo loyenera sifuna mphamvu zambiri. Mukaona kuti mukuchita kuponda limu ndi phazi, china chake sichili bwino, bwererani mukayezenso bowo.

Pulayala ndiye mdani wamkulu. Imaphwanya mazinga, ndipo chifukwa imagwira mbali imodzi, imang'amba khosi ngati zinachitikira Demio ija. Choipa kuposa apo n'kuisokotera kuchokera kunja ndi sikuludiraiva pofuna kupewa kutsitsa bidi. Ndinaonapo zimenezo, ndipo mutu wa valavu umatuluka uli ndi mabala.

Popopa kuti bidi ikwere, musapitirire 40 psi, amene ndi 2.8 bar. Ikakana kukwera pamenepo, phwetsani, pakaninso sopo, yambiraninso. Ikakwera bwezerani kapini, ikani mpweya wolembedwa pa kapepala ka pa felemu ya chitseko cha dalaivala, kenako sopo kachiwiri, uku mukugwedeza.

Yachitsulo: yabwino, koma ili ndi mwambo wake

Valavu ya labala wamba imathera pa 65 psi, kapena kuti 4.5 bar. Kwa Vitz kapena Demio yoyendera 2.2 kapena 2.4 bar, malire amenewo ali kutali. Koma matayala okhala ndi chilembo C, ngati 195R14C a minibasi ndi mapikapu onyamula katundu, ambiri analembedwa 65 psi yomweyo m'mbali mwake. Hiace yodzaza anthu ndi matumba, yopopedwa mpaka pamenepo, ikuyendetsa TR413 pamalire penipeni tsiku lililonse. Pamenepo ikani TR600HP, imene imafika 80 psi, kapena yachitsulo. Opanga amalangizanso zachitsulo pa galimoto zothamanga kupitirira makilomita 210 pa ola, chifukwa liwiro limapinda ya labala, koma amene akufika liwiro limenelo pa M1 ali ndi mavuto ena oposa valavu.

Zachitsulo zikatulutsa mpweya, nthawi zambiri cholakwa ndi kasanjidwe kapena kamangidwe. Ya mtundu wa TR416 imabwera ndi timalabala tiwiri, ka bowo la 11.3 ndi ka 15.7. Sankhani kamodzi koyenera, kenako kenako kasungeni, musaike tonse tiwiri. Kalabalako kali ndi kaphewa, mbali yopyapyala ndi yotakata. Kamavekedwa pa valavu, valavu n'kulowa kuchokera m'kati, mbali yopyapyalayo n'kumira m'bowo kuti chitsulo cha valavu chisakhudzane ndi cha limu. Kunja kumabwera washala, kenako nati. Mukakatembenuza, kaphewako kamakhala pamwamba m'malo molowa, ndipo nati ikamamangidwa kamangophwanyika.

Nati imeneyi imafuna pakati pa 3 ndi 5 Nm basi, pokhapokha ngati pepala la valavuyo lanena zina. Ndi mphamvu yochepa kwambiri, ya sipanala yaing'ono yogwiridwa pafupi ndi mutu. Manja ozolowera manati a magudumu amapitirira apo asanazindikire n'komwe. Chizindikiro chake n'choti labala amatumphukira m'mbali ngati nsima yofinyidwa m'manja. Akatero wawonongeka, ndipo kumangitsa kumangowonjezera vuto, pamene munthu akaona thovu chimene amaganiza n'kumangitsanso. Gwirani thupi la valavu kuti lisazungulire limodzi ndi nati, chifukwa likazungulira limapotokola labalayo. Pakatha masiku angapo yesaninso natiyo, labala watsopano amakhala pansi pang'ono.

Malimu ambiri a ku Japan amabwera ndi mtundu wina, wolowera kunja, manati ake ali m'kati mwa tayala. Kawirikawiri amakhala awiri: yoyamba yofinya labala, yachiwiri yotsekera yoyambayo kuti isamasuke. Mmisiri akaiwala yachiwiri, kapena akaganiza kuti ndi yapadera n'kuiponya m'thumba, valavu imamasuka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa msewu, ndipo simungaimange popanda kutsitsanso tayala. Mtundu umenewu uyeseni ndi sopo musanabwezere gudumu pa galimoto.

Chinthu china ndi dzimbiri la zitsulo ziwiri zosiyana. Mavalavu ambiri okongola, ofiira ndi abuluu aja, ndi a aluminiyamu. Mukaikamo kapini ka bulasi wosakutidwa, kachikasu kaja, kapena mukavindikira ndi kachivindikiro kachitsulo, zitsulozo zikanyowa zimadyana n'kumatirirana. Dzinja limodzi ndi lokwanira. Tsiku lofuna kupopa, kachivindikiro kamakana, mumatenga pulayala, valavu n'kuthyokera m'manja, tayala n'kuphweratu pomwepo pa filing'i siteshoni. Pa valavu ya aluminiyamu ikani kapini kokutidwa ndi nikelo, kotuwa ngati siliva, ndi kachivindikiro kapulasitiki. Sikokongola, koma kamamasuka.

Kutalika ndi mabuleki

TR412 imatuluka pafupifupi mamilimita 22, TR413 mamilimita 32, TR414 mamilimita 38, TR418 mamilimita 51. Yaifupi kwambiri imabisala m'kadzenje kapena pakati pa masipoko, paipi yopopera n'kulephera kuigwira, ndiye wopopa amaipinda ndi mphamvu ulendo uliwonse mpaka khosi litatopa. Yaitali kwambiri imatulukira kunja kwa limu, n'kumakhula m'mphepete mwa ngalande ndi m'mizere ya matope. Sankhani yaifupi kwambiri imene paipi ikugwirabe mosavuta.

Pa malimu akuya, amene bowo lake lili m'kati kuseri kwa masipoko, pamafunika valavu yokhota, ndipo ngozi yake ndi kalipa, chitsulo chofinya mabuleki kuseri kwa gudumu. Mukamanga gudumu, galimoto ikadali pa jeke, lizungulitseni ndi manja kangapo, khutu lili tcheru, kenako suzumirani ndi tochi. Pakhale mpata wa mamilimita angapo. Kakuti tiki, tiki pa kuzungulira kulikonse musakanyalanyaze, valavu ikametedwa ndi kalipa mpweya umatha nthawi imodzi, muli pa liwiro.

Nyali yachikasu ikayaka mutasintha malimu

Ndi kanyali kooneka ngati mphika wodulidwa pakati wokhala ndi mfuwuliro m'kati. Ndi TPMS, makina oyang'anira mpweya wa m'matayala. Ku America galimoto zatsopano zinakakamizidwa kukhala nawo kuyambira mu Seputembala 2007, ku Ulaya kuphatikizapo UK kuyambira mu Novembala 2014. Choncho galimoto za ex-UK za zaka zimenezo kupita m'tsogolo zili nawo, pamene ex-Japan zing'onozing'ono zambiri zilibe.

Kakangoyaka osaphethira, tayala lina lachepa mpweya. Kakaphethira pafupifupi mphindi imodzi kenako n'kukhazikika, makinawo ndiwo sakumva masensa. Mukaona zimenezi mutangosintha malimu, pitani mukayang'ane malimu akale aja: masensa anatsalira m'menemo, omangiriridwa kumunsi kwa mavalavu. Ndaonapo anthu atagulitsa kale malimu akalewo, masensa ali momwemo.

Amasamutsika, koma kalabala, nati, kapini ndi kachivindikiro zikhale zatsopano. Yesani kaye pa limu yopanda tayala: sensa igone motsatira chigwa cha limu, isatsamire pachitsulo ndipo isaimirire pamene bidi idzadutse. Si malimu onse ogula padera amene anapangidwa moganizira masensa, ndiye ndi bwino kufunsa musanalipire. Mmisiri muuzeni kuti muli sensa asanaike gudumu pa makina, kuti chotsitsira bidi achiike kutali ndi valavu. Batire ya sensa ndi yomatiriridwa, imakhala zaka 5 mpaka 10, ndipo ikatha mumasintha sensa yonse. Pogula ina muonetsetse mafunde ake: za ku Ulaya zimayendera 433 MHz, za ku America ndi Japan zambiri 315 MHz, ndipo pa galimoto zambiri yatsopano imafunika kuidziwitsa ku kompyuta ya galimoto. Galimoto zina zilibe masensa m'matayala, zimangowerengera kuzungulira kwa magudumu kudzera pa makina a mabuleki a ABS. Zimenezo mumangopopa bwino n'kuchita reset pa batani kapena pa menyu ya dashibodi.

Mukachoka pa valavu ya labala kupita ku yachitsulo kapena ya sensa, kulemera kwasintha, pangitsaninso balansi. Ndipo poika tayala latsopano, kadontho kachikasu ka m'mbali mwake, pamene tayala lapepukira, kayang'anizane ndi valavu.

Valavu ikapezeka yosalakwa

Zimachitika. Ndiye sopo apite m'mbali mwa bidi, mbali zonse ziwiri, makamaka ya m'kati imene siioneka gudumu lili pa galimoto. Kumeneko ndi kumene limu imapindika ikamenya dzenje, ndipo matayala opyapyala amene amayenda ndi malimu akuluakulu sateteza kanthu. Yang'ananinso mng'alu wonga tsitsi pa thupi la limu. Malimu ena otchipa aluminiyamu wake amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, thovu n'kumatuluka pakati pa chitsulo penipeni, pamalo opanda bala lililonse. Imeneyo ibwezeni kwa wogulitsa. Pa malimu a zidutswa, silikoni wa pakati pa zidutswazo amakalamba kapena kudulidwa ndi chitsulo chochotsera tayala.

Mankhwala amene ambiri amathamangira zikavuta ndi kuikamo chubu. Ine ndimakana, kupatula pofuna kungofika kunyumba. M'kati mwa tayala la chubulesi muli mizere imene imakhula chubu, kutentha kumachuluka, valavu ya chubu sikhala bwino m'bowo lopendekera la limu yamagi, ndipo chubu ikabooka mpweya umatha mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono. Chubuyo imangobisa mng'alu umene ukupitirira kukula.

Za Demio ija, titamaliza gudumu lovutalo ndinawapempha bwana aja kuti tione enanso atatu, poti dzanja limene linaika linali limodzi.

"Koma enawo sakuphwa, achimwene."

"Sanayambe chabe, bwana."

Anavomera monyinyirika, akuyang'ana wotchi. Awiri mwa atatuwo anali ndi mano a pulayala omwewo pamazinga, ndipo lakumbuyo kumanja valavu yake itangogwedezedwa inatulutsa thovu kuposa yoyamba ija. M'bowo mwake munali kamphuno ka penti wasiliva, kouma gwa, kakukula ngati njere ya mpunga.